Maginito pachitseko cha filiji, chikuwagwira n'chiyani kuti asagwe?

FUNSO: Aphunzitsi ndithandizeni chonde, ndili Fomu 4 ndipo samu iyi ya physics yandizunguza mutu. Akuti maginito a 0.2 kg amata pachitseko cha filiji, coefficient of friction ndi 0.4, ndiye tipeze mphamvu yochepetsetsa yomwe maginitowo akuyenera kukoka nayo chitseko kuti asatsetsereke. Ine ndinangopanga 0.2 kutaimusa 10 n'kupeza 2 N koma andithetha. Ndalakwitsa pati?
Wophunzira, Dedza

YANKHO: Mwana wanga usadandaule, 2 N yakoyo (N ndi newton, muyeso wa mphamvu) ndi yoona ndithu kungoti wayankha funso lina, wapeza kulemera kwa maginitowo basi n'kuima pomwepo.

Tajambula kaye chithunzi, ana ambiri mumathamangira calculator musanajambule ndipo apa mpomwe mamalikisi amathawira. Chitseko chaima chilili. Kulemera kukukokera maginito pansi, pomwe mphamvu ya maginito ikukokera cham'mbali kuloza kuchitseko, ndiye taona, mphamvu yopita m'mbali singalimbane ndi yopita pansi olo itakula bwanji. Ntchito yake ndi kukanikizira maginitowo pachitsulo, chitsulo nacho n'kumakankha mobweza ndi mphamvu yofanana, ija mumati normal reaction, R. Chomwe chikuwagwira kuti asagwe ndi friction, kukhulana kwa maginito ndi chitseko, ndipo friction yo singapitirire μ (coefficient of friction ija, 0.4) kutaimusa R.

Ndiye samu yake ili chonchi: friction ikuyenera kufika 2 N kuti ifanane ndi kulemera, kutanthauza kuti 0.4 × R = 2, R = 5 N. Yankho ndi 5 N.

Chomwe ndikufuna uchigwiritse kwambiri n'chakuti R si mg (kulemera kwa chinthu) nthawi zonse ayi, zimenezo zimatheka pokhapokha chinthu chili pamalo athyathyathya osapendekeka ngati patebulo, popanda china chochikanikiza kapena kuchinyamula. Maginito omwewa ukawagoneka patebulo lachitsulo akukokabe ndi 5 N, kulemera ndi kukoka zonse zaloza pansi tsopano, R ikhala 2 + 5 = 7 N ndipo kuti uwakhwekhwereze ufunika kupyola 0.4 × 7 = 2.8 N. Patebulo lathabwa maginito sakoka kanthu, R ingokhala 2 N.

Madzulo ano kayesere pachitseko chachitsulo kapena palata, uziika mapepala pakati limodzilimodzi. Pepala lililonse likutalikitsa maginito ndi chitsulo, kukoka kukuchepa, R ikutsika, friction nayo ikutsika mpaka uwona ayamba kutsetsereka okha. Usayesere pa poto wa aluminiyamu, pamenepo samata n'komwe.