Mlendo wa m'nkhalangoyo musamuyandikire, zinandionekera ine

Achimwene, ndangoona zomwe mwalemba zoti m'sewero lanu la Dungeons & Dragons elf wanu, character wongopeka amene mumamusewera, wakumana ndi munthu wodziphimba kumutu pakati pa nkhalango ndipo mukufunsa ngati mumukhulupirire, mtima wanga wangoti myuu. Ndasiya zonse zomwe ndimachita. Musamukhulupirire. Ine mpaka lero ndikaona d20 yanga yobiriwira ija, dayisi ya mbali 20, ndimaibweza m'thumba osaiponya.

Wanga anali wood elf, ranger (mlenje wa m'nkhalango) wa level 6. Ndinamusewera miyezi 9, Loweruka lililonse pa intaneti kudzera pa Discord, malamulo a Dungeons & Dragons a 2014 aja. Longbow (uta wautali) m'manja, mivi iwiri pa turn iliyonse, ukawonjezera Hunter's Mark, matsenga owonjezera ululu wa muvi, chilombo chimagwa chisanafike n'komwe pomwe pali anzanga. Mbiri yake ndinalemba masamba atatu athunthu, za mlongo wake amene anasowa chaka chomwe mitengo ya m'malire a ufumuwo inayamba kuda n'kuuma. DM, woyendetsa sewerolo, anawerenga, n'kundiyamikira kuti palibe wina walemba bwino chotere. Ine kusangalala, osadziwa kuti ndamupatsa ndekha chingwe chondimangira.

Usiku umenewo m'seweromo tinagona pansi pa mtengo waukulu, ulendo wa masiku awiri kuchokera kunyumba ya mfumukazi. Monga mukudziwa elf sagona, amangokhala mu trance maola 4 basi, ndiye ulonda wa pakati pa usiku nthawi zonse unkagwera ine. Moto utazilala, DM anatsitsa mawu. Akuti nkhalango yonse yangoti zii, ngakhale tizilombo tasiya kulira. Akuti pali wina wodziphimba kumutu waima pakati pa mitengo iwiri, mapazi 70 kuchokera pomwe ndili. Taonani kuchenjera kwake: darkvision ya elf, mphamvu yoona mumdima, imathera pa mapazi 60. Ndiye ndinkangoona chithunzithunzi, nkhope ayi. Ndinakoka uta mpaka chingwe kukhudza tsaya, n'kufunsa kuti ndiwe yani. Iye sanayankhe funsolo. Anangotchula dzina la mlongo wa elf wanga, dzina lomwe ngakhale anzanga a pagulupo sankalidziwa.

Ndisaname, thupi langa lenilenili linachita tsembwe, ndili pampando ndi mahedifoni kumutu. Ndinapempha Insight, kuponya dayisi kuti ndione ngati akunama, ndinaponya 19, kuwonjezera 5, yonse 24. DM akuti munthuyu akuoneka kuti akunena zoona ndipo ali ndi chisoni chachikulu. Ndinatsitsa uta. Ndinayenda mapazi khumi aja kuti ndimuone nkhope, osadzutsa aliyense, chifukwa anati nkhani ya mlongo wako si ya anthu ambiri. Paja akuluakulu amati mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko analidi nako, koma kanali kometera ineyo.

Atangovula chophimba kumutu chija anayamba kuimba chapansipansi, DM n'kunena kuti maso ako akulemera, wagwa, wagona. Basi. Popanda saving throw (kuponya dayisi kuti ndidzipulumutse), popanda chilichonse. Ndinati dikirani kaye bwana, elf sagonetsedwa ndi matsenga, zili pa lamulo la Fey Ancestry, tsegulani buku la malamulo la Player's Handbook muone. Si nkhani yokokerana ayi, ndi mzere umodzi womveka bwino, ndipo ngakhale m'malamulo a 2024 anangousamutsira pa Trance, sanauchotse. Kunali chete kwa masekondi angapo, ndikumva akutembenuza mapepala. Kenako akuti ayi, sinali nyimbo yomwe yakugonetsa, inali poizoni. Poizoni uti? Wabwera nthawi yanji? Ngakhale poizoni wa ma drow (ma elf a pansi pa nthaka) amene amakomoladi munthu amafuna kuti akubaye kaye, uponye Constitution ya DC 13, kutanthauza kuti upeze 13 kapena kuposa, ndipo umakomoka pokhapokha walephera ndi 5 kapena kuposa. Ndinamuuza zonsezi, mawu akunjenjemera. Yankho lake: ine ndine DM, tipitirize, tikuchedwetsa anzathu.

Ndipo anzangawo anangoti duu. Mmodzi yekha analemba kumbali kuti pepa. Pepayo ndimudye?

Elf wanga anadzuka atamangidwa kumizu ya mtengo wakufa, uta wake utathyoledwa pakati n'kuikidwa pamiyendo pake kuti auone. Uta umene ndinalemba m'masamba atatu aja kuti anasema ndi bambo ake. DM anafotokoza mmene unathyokera mwatsatanetsatane, mpaka kulira kwa mtengowo, ngati akumva kukoma. Kenako kunabwera mimbulu itatu, ine wopanda chida, manja kumbuyo. HP, nambala ya moyo wake, inafika pa 0 mu round yachiwiri. Death save yoyamba, dayisi yoona ngati apulumuke imfa, ndinaponya 1, ndipo mukudziwa kuti 1 amawerengedwa kulephera kawiri. Yachiwiri 7, kulephera kachitatu, elf wafa. Ndinangoyang'ana nambalayo pa sikirini. Miyezi 9 yathera pa 7. Anzanga anafika round yotsatira, akuti anamva kukuwa mochedwa. Ndinazimitsa maikolofoni chifukwa sindinkafuna amve mmene ndikupumira.

Chomwe chinandipweteka kwambiri chinabwera patatha milungu iwiri. Mlendo uja anatulukiranso, tsopano walapa, akuti ankakakamizidwa ndi temberero, ndipo akufuna kulowa m'gulu. Womusewera? Mnzake wa DM amene ankadikira malo, chifukwa tinagwirizana kuti osewera asapitirire asanu. Nayenso woponya mivi! Ndiye kuti gulu silikanakhala ndi oponya mivi awiri, wina anayenera kuchoka, ndipo m'malo mondiuza ngati munthu wamkulu anasankha kundiphera character ndi lamulo lopeka pomwepo. Anandiuza kuti ndipange cleric chifukwa gulu likusowa wochiritsa. Ndichiritse amene anandipha? Ndinatuluka pa server usiku womwewo. DM ameneyo akadali m'magulu ena akuitana osewera atsopano, sindimutchula, koma mukamva DM akufunsa mbiri yaitali kwambiri kenako akufunsanso kuti chomwe character wako amakonda koposa n'chiyani, tsegulani maso.

Ndiye inu achimwene, choyamba dzutsani anzanu musanasunthe phazi. Ngakhale mlendoyo anene kuti ndi chinsinsi, gwedezani fighter wanu ndi mwendo. Khalani patali, uta wanu umalasa bwinobwino mpaka mapazi 150, palibe chifukwa choyandikira munthu amene akufuna muyandikire. Nenani momveka kuti mwakonzekera ndi Ready action, akangokweza dzanja muvi uchoke, DM asadzanene kuti simunanene. Insight musaidalire kwambiri, nambala yaikulu imangokupatsani zomwe DM wafuna kukuuzani, ndipo ngakhale 20 pa ability check ngati Insight si chitsimikizo m'malamulo a 2014. Yang'anani pansi ngati akusiya mapazi, funsani ngati ali ndi mthunzi, mufunseni chinthu chomwe mukudziwa kale yankho lake muone ngati anama.

Koma musamulase ayi. Ndikudziwa ndanena kuti musamukhulupirire, komabe mukamulasa asanayankhule mwapha nkhani yomwe DM wanu mwina wakhala akuikonza mwezi wonse, ndipo ma DM ambiri si ngati wanga uja. Mlendo wotereyu nthawi zambiri ndi amene wanyamula quest yonse. Mumvereni, mulandireni pamoto, ngati akupatsani kanthu tengani. Kunena zoona, mphindi zija ndili ndi uta wokoka iye akutchula dzina la mlongo wanga ndi zomwe ndinasangalala nazo kuposa china chilichonse chomwe ndaseweraponso, ndipo atandibwezera usiku umenewo mwina ndikanayendanso mapazi khumi aja.

Mulankhulenso ndi DM wanu kumbali, mumufunse ngati m'sewero lanu character angafe popanda kuponya dayisi. Ine ndinafunsa zimenezi pa session zero, kukumana koyamba sewero lisanayambe, ndipo anandilonjeza kuti sizingachitike, ndiye mwina sizithandiza, komabe funsani, ndipo yankholo likhale lolemba. Mutiuze Loweruka likadutsa kuti munthuyo anali ndani. Komanso mlendo wanuyo akayamba kuimba, tsegulani tsamba la elf nthawi yomweyo.