Akuti mwana wanga aziwerengera galu kusukulu, ndisaine?

FUNSO: Ine ndimakhala ku Leicester kuno ku UK. Mwana wanga wa zaka 7 wabwera ndi kalata yakusukulu yoti ndisaine kuti Lachinayi lililonse azikawerengera galu buku. Galu weniweni wa miyendo inayi! Agogo ake kumudzi nditawauza pa WhatsApp anaseka mpaka misozi, akuti galu ntchito yake nkuuwa akuba basi. Sakungomutayitsa nthawi mwanayu? Mayi wodabwa, Leicester

YANKHO: Sainani amayi, bola mwanayo asakhale woopa agalu kapena woti ubweya umamuyetsemulitsa. Zimenezi sizayamba lero. Zinayambira ku Salt Lake City ku America mu 1999, pomwe bungwe la Intermountain Therapy Animals linayamba kupita ndi agalu kulaibulale pansi pa pulogalamu yoti ana aziwerengera agalu yotchedwa R.E.A.D., ndipo komwe muliko a bungwe la Pets As Therapy ali ndi yawo ya Read2Dogs.

Galuyo saphunzitsa kanthu ayi, vuto lomwe akulimbana nalo ndi manyazi. Mwana wovutika kuwerenga akaimirira mkalasi, asanamalize mzere anzake ayamba kale kutsinana nkumaseka, aphunzitsi nawo amudula pakamwa kuti amukonze, nde mawa lake buku safuna nkuliona komwe. Pomwe galu amangogona pakabulangete, mutu watsamira pamwendo wa mwana, mwana akaphonya liwu iye olo kugwedeza khutu, nde mwana amangopitiriza mpaka tsamba litha, dzanja lina likusisita msana wa galu. Mwini galu amakhala pompo ndipo ambiri ndi ochenjera, mwana akakakamira paliwu samuuza kuti walakwa, amangoti "galuyutu sanamve apa, tamufotokozere". Mwana nkukhala mphunzitsi.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi mankhwala. Mu 2016 akatswiri a ku University of Lincoln anaunika kafukufuku wosiyanasiyana pankhaniyi, anapeza kuti zizindikiro zabwino zilipo koma umboni wake ngofookabe. Ine ndimaona kuti chomwe chimathandiza kwenikweni nkuwerenga mokweza pafupipafupi wopanda mantha, nde madzulo kunyumba muzimumvetseranso inuyo, osathamangira kumukonza liwu lililonse.

Agogowo auzeni asakayesere pa galu wolondera wakumudzi uja. Agalu akusukuluwa amayamba ayesedwa khalidwe, katemera wawo amakhala wokwanira, pomwe kwathu chiwewe chidakalipo ndipo galu wozolowera kuthamangitsa anthu sangagonere mwana nthano.