Mwana wanga akugawa ulere mapulogalamu amene amalemba

Mayi wina wa ku Ntcheu wafunsa kuti: "Mnyamata wanga ali chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira zamakompyuta. Amachezera kulemba mapulogalamu, kenako n'kuwaika pa intaneti kuti aliyense atenge ulere. Fizi yake ndimaipeza movutikira pa geni ya tomato. Bwanji osakalembetsa patent kuti anthu asamubere nzeru?"

Amayi, nkhawa yanu ndi yomveka, thukuta lanu lili pamenepo. Koma chonde musamuletse.

Zimene akuchitazo amati open source: munthu amaika poyera code yonse ya pulogalamu, kutanthauza malangizo amene analembera kompyuta, kuti ena awerenge, akonze, awonjezere. Mu 1991 Linus Torvalds anachita zomwezi ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Lero foni iliyonse ya Android, ngakhale ya kasitomala amene amakutumizirani ndalama ya tomato, imayendera Linux yomweyo m'kati mwake.

Nanga ndalama zichokera kuti? Tsiku la intavyu onse amabwera ndi digiri yofanana. Wolemba ntchito wanzeru amatsegula tsamba la mwanayo pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako code, n'kuona ndi maso zimene analemba, pamene analakwitsa, ndi mmene anayankhira anzake atamudzudzula. Pepala silingaonetse zimenezo. Muuzeni ayang'ane DHIS2, pulogalamu yotsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, imene Unduna wa Zaumoyo kuno umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala. Pulogalamuyo ndi yaulere, koma oiika, oikonza ikavuta ndi ophunzitsa ogwira ntchito m'maboma amalipidwa. Ayesenso mwayi wa Google Summer of Code, kumene osankhidwa amalandira ndalama pothandiza mapulojekiti oterewa.

Za patent, kunena zoona, si njira yake panopa. Patent imateteza luso latsopano kwa zaka 20, ndipo kuilembetsa, kaya kuno kaya ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa ma patent ku Harare, kumadya ndalama zambiri za maloya. Code yake ndi yotetezedwa kale ndi lamulo la copyright, loteteza zolemba za munthu, kuyambira tsiku limene anailemba. Chimene ndimadandaula n'chakuti ana ambiri amaika ntchito yawo poyera osasankha laisensi, chilolezo chofotokoza zimene ena angachite ndi pulogalamuyo. Laisensi ya GPL imati wosintha pulogalamuyo n'kuigawa aonetsenso code yake. Ya MIT imalola kampani kuitenga n'kumagulitsa, bola dzina la mwini wake lisafufutidwe. Akhale pansi, awerenge zonse ziwiri, asankhe akudziwa.

Alimbikirenso zinthu zopanda mwini mmodzi monga HTML (yolembera masamba a pa intaneti) ndi SQL (yofufuzira zosungidwa m'kompyuta), chifukwa kampani ikagwa luso lotere amapita nalo kwina.

Akabwera ku holide, mumupemphe akuonetseni tsamba lakelo pamodzi ndi zotsatira za mayeso. Ngati magiredi akutsika chifukwa chochezera, achepetse. Ndipo tsiku limene adzapeze kasitomala womulipira, code ya kasitomalayo asaiike poyera asanagwirizane polemba.