Bambo, kulembetsa buku pakamwa ndi kulemba ndithu

Bambo athu a ku Ulongue mwafunsa kuti popeza ng'ala yakuvutani ndipo dzanja layamba kunjenjemera, kodi mukamayankhula mdzukulu wanu n'kumalemba, bukulo lidzakhala lanu kapena lake? Mwatinso mukuopa kuti anthu adzati aphunzitsi athunthu analephera kugwira cholembera.

Bukulo ndi lanu, bambo. Tsegulani Aroma 16:22 muone. Kalata yonse ija timati ndi ya Paulo, komatu amene anagwira cholembera ndi Tertio, ndipo akupereka yekha moni pa vesi limeneli. Yeremiya naye ankangonena, Baruki n'kumalemba. Mfumu Yehoyakimu itadula mpukutuwo ndi kampeni n'kuuponya pamoto, Yeremiya analembetsanso wina, mpaka anawonjezeramo mawu ambiri. Ndani anamvapo m'busa akuti tiwerenge kalata ya Tertio?

Amene akufanana nanu kwambiri ndi John Milton wa ku England. Iye anachita khungu mu 1652, koma ndakatulo yake Paradise Lost, ya mizere yoposa 10,000, inatuluka mu 1667. Ankapeka mizere usiku n'kuisunga m'mutu, m'mawa n'kumadikira womulembera. Akachedwa munthuyo, ankadandaula kuti akufuna kukamidwa, ngati ng'ombe yomwe bere ladzadza. Apa ndi pamene ndikufuna mugwirepo: Milton sankayamba kuganiza mlembi atakhala kale pampando. Ankafika ndi mawu okupsa kale.

Fyodor Dostoevsky wa ku Russia vuto lake silinali maso ayi, koma ngongole ndi njuga. Anasaina pangano loipa ndi wosindikiza mabuku lakuti akapanda kupereka buku latsopano pofika pa 1 Novembala 1866, wosindikizayo azitulutsa mabuku ake kwa zaka 9 osamupatsa kanthu. Okutobala anafika alibe buku. Ndiye anapeza mtsikana wa zaka 20, Anna Snitkina, amene anaphunzira kalembedwe kachidule kothamanga. Dostoevsky ankayankhula, Anna n'kulemba, kenaka n'kukazilembanso bwino kunyumba kwawo ndi kubwera nazo mawa lake kuti mwini wake akonze. Masiku 26 okha bukulo, The Gambler, lonena za wotchova njuga, linatha. Mu Febuluwale 1867 awiriwa anakwatirana, koma zimenezo sindikukulonjezani, bambo, amayi angandilondole mpaka kuno ku Moatize.

Ngozi yake ilipo. Pakamwa sipatopa msanga ngati dzanja. Henry James, wolemba mabuku wobadwira ku America, anayamba kulembetsa mu 1897 dzanja lake litamupweteka, ndipo owerenga ake ambiri amati kuyambira pamenepo ziganizo zake zinatalika, zina n'kumapota ngati msewu wokwera ku Tsangano. Ena amazikonda choncho. Ine ayi.

Ndinazionera ndekha chaka chatha pamene ndinkathandiza malume anga kumudzi, chaku Dómuè, kulemba za mmene anathawira nkhondo ya kuno ku Mozambique kupita ku Dedza ndi mmene anabwerera mtendere utasainidwa mu 1992. Tsiku loyamba ndinaika foni pa mtondo wovundikira, iwo ali pa mpando wa ndalema. Anangoti kukamwa pululu, kenaka n'kuyamba kuyankhula ngati akuwerenga uthenga wa maliro pa wailesi. Zinaphweka nditaitana mwana wa achemwali wa zaka 12, amene nkhaniyi sankaidziwa. Atangofunsa kuti "Nanga mbuzi munazisiyira ndani, agogo?" malume anamasuka, nkhani inayenda mpaka nkhuku kulowa. Munthu sakamba nkhani kwa foni, amakambira munthu mnzake.

Nditakhala pansi kulemba zomwe tinajambula ola limodzi, zinadzadza masamba 14 a kope. "Ndiye ukudziwa" yekha analimo kosawerengeka, nkhani yowoloka mtsinje anaibwereza katatu ndipo ulendo uliwonse chiwerengero cha ana chinkasintha. Nditawawerengera mokweza, iwo eni ndi amene ankati "apo fufuta, apo ndinanama, anali anayi". Anatsala masamba 5. Ntchito yeniyeni ya mwini buku ili pamenepo, ndipo imeneyo musapatse mdzukulu. Iye awerenge, inu muzidula. Mukamusiyira, adzakukonzerani Chichewa chanu kuti chimveke cha kusukulu, miyambi yanu n'kuichotsa poganiza kuti ndi zokometsera chabe.

Kenanso, ana athu kuno anaphunzira kulemba m'Chipwitikizi. Mnyamata amene anandithandiza kutaipa pa kompyuta analemba "nhumba" m'malo mwa "nyumba" buku lonse, ndipo "ng'ombe" anaisandutsa "ngombe". Gwirizanani za kalembedwe musanayambe, makamaka mayina a anthu ndi a midzi. Muzimutchulira chilembo chimodzichimodzi monga munkachitira popereka ditado (kutchula mawu ana n'kumalemba) m'kalasi. Zoti foni izilemba yokha mukamayankhula, ine ndinayesa pa yanga: Chipwitikizi imamva bwino, koma Chichewa inanditulutsira zinthu zoti ngakhale woledzera kachasu sanganene.

Jambulani mawu nthawi zonse, ngakhale mdzukulu akulemba pamanja, ndipo madzulo omwewo atumize kwa m'bale wina pa WhatsApp, chifukwa foni imagwera m'madzi. Musajambule mvula ikugwa ngati nyumba ndi ya malata. Ife tinataya mutu wathunthu wonena za msasa wa othawa nkhondo, mukumveka mvula yokhayokha, ndipo malume atabwereza sabata yotsatira sizinakome ngati poyamba.

Yambani ndi mphindi 20 m'mawa, mutu umodzi umene mwagona nawo usiku. Mukamaliza mutu woyamba tumizani muno tiwerenge nawo, ndipo dzina la mdzukuluyo mudzaliike pa tsamba loyamba, pakuti Tertio naye anaika lake m'kalata ija.