Chainsaw yosadzira nthambi: tengani yaing'ono ya zogwirira ziwiri

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati muli ndi kamunda ka bulugamu ndi malaina kuseri kwa nyumba, mitengo amakugwetserani munthu waganyu ndi chimakina chake koma akangogwetsa basi wapita, nthambi zonse zimatsalira inu ndi chikwanje, ndipo msana wayamba kukuvutani. Nde mukufuna ka chainsaw kopepuka kosadzira nthambi ndi kuduladula nkhuni, ndipo mwaika zithunzi zitatu: ija yotchipa yolembedwa 58cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini), kaja kakang'ono kogwirira pamwamba, ndi ya batire. Ineyo pa zitatuzo sindingatenge yoyambayo, yachiwiriyo nde ayi ndithu, yachitatuyo tikambirana. Chimene mukufunika inu ndi chainsaw wamba ya zogwirira ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo, ya pafupifupi 30 mpaka 40cc, yolemera makilo 4 kapena kupitirira pang'ono, bar yake (chitsulo chachitali chimene tcheni yodulira imazungulirapo) ya masentimita 30 kapena 35. Basi.

Ndiyambe ndi kulemera chifukwa ndi pamene ambiri timalakwitsa. M'shopu munthu umainyamula mphindi imodzi nkumati aa iyi ndi yopepuka, koma kusadza nthambi si kugwetsa mtengo. Pogwetsa makina amakhala atatsamira mu mtengo, pomwe posadza umawanyamula wekha, kuwatembenuza uku ndi uku, kuwerama, kudzuka, nthambi imodzi masekondi atatu kenako ina, mtengo umodzi wa malaina nthambi zosawerengeka. Kilo imodzi yowonjezera pofika 11 koloko imakhala ngati thumba la simenti m'mapewa. Komanso dziwani kuti makilo amene amalemba pa katoni ndi a injini yokha, popanda bar, tcheni, petulo ndi oyilo, nde muziwonjezerapo pafupifupi kilo ina. Zija zimene anyamata ocheka matabwa amagwiritsa ntchito, Stihl MS 382 kapena Husqvarna 372, ndi za 70cc kupita mtsogolo ndipo zimapitirira makilo 6 zisanamangidwe chilichonse. Ndi makina abwino zedi koma pa ntchito yake. Munthu wotopa ndi amene amadzicheka mwendo, ndipo makina olemera amatopetsa msanga.

Maina ake ngati mukufuna poyambira: Stihl MS 170 ndi ya 30cc, MS 180 ndi ya pafupifupi 32cc, zonse zili m'ma kilo 4. Echo CS-310 ya ku Japan nayonso ndi ya 30cc, kulemera chimodzimodzi. Ku Husqvarna kuli 120 Mark II ya 38cc koma iyo ikuyandikira makilo 5, pomwe 435 ndi ya 41cc koma yopepukirapo, ndipo ikanakhala kuti ndalama si vuto ndikanakuuzani iyoyo. Ine ndimagwiritsa ntchito MS 180 ndipo nthambi za bulugamu, keshya, malaina, olo mango okalamba imadula popanda kudandaula, chipika chofika masentimita 25 imatha bola osaikakamiza. Si makina a tsiku ndi tsiku kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sefa yake ya mpweya ndi yaing'ono imafuna kupukuta pafupipafupi, koma pa nkhuni za pakhomo ndi mamendulo angapo ogulitsa yakwana.

Koma dzina lisakupusitseni, zabodza zachuluka, utoto womwewo wa orenji zilembo zomwezo. Mukaona "Stihl" yatsopano mtengo wake theka la mtengo wa kwa dila weniweni, dziwani kuti si imeneyo. Ndipo musanalipire funsani funso limodzi: tcheni, bar, pulagi, sefa, chingwe cholizira ndi sprocket (kagiya kozungulitsa tcheni) za makina amenewa muli nazo pompano pa shelefu? Akayamba za tiitanitsa, tulukani. Ine ndinayamba ndi ya 52cc yopanda dzina lodziwika, wogulitsa anandilonjeza kuti masipeya onse alipo, patatha miyezi inayi chokokera chinathyoka, pampu ya oyilo inasiya kutulutsa, nditabwerera anangoti katundu ameneyo sitikubweretsanso. Sindikunena kuti zonse za ku China ndi zoipa, ena zimawatumikira ndipo makaniko ambiri amazidziwa, koma ija mwaikayo ndi yolemera komanso imabwera ndi bar ya masentimita 50, yomwe pa nthambi ndi chipsinjo chabe. Bar yaitali imagunda pansi, imagunda nthambi ina imene simukuiona, mano ofunika kunola amachuluka, palibe chimene mwapindula.

Tsopano kaja kogwirira pamwamba, apa nde ndikupemphani mundimvere. Timakina timeneti, monga Stihl MS 201 T kapena Echo CS-2511T kamene sikafika olo makilo awiri ndi theka, anatipangira akatswiri okwera m'mitengo ndi zingwe, anthu ophunzitsidwa. Zogwirira zake zili pafupi kwambiri nde manja alibe mphamvu yoletsa makina akadumpha. Choopsa china ndi chakuti kamakunyengerera, umaona ngati ungathe ndi dzanja limodzi nde dzanja lamanzere limapita kukagwira nthambi imene ukudulayo, ndipo ngozi zambiri za timakina timeneti ndi za mkono wamanzere womwewo. Pansi sikofunika konse. Kupepuka kwake kusakukopeni.

Kudumpha ndikunenaku ndi kumene amati kickback. Kumachitika pamene mbali yapamwamba ya nsonga ya bar yakhudza chinthu tcheni ikuzungulira, makina amabwerera kumaso kwanu mofulumira kuposa momwe mungaganizire. Ndipo posadza nthambi ndi pamene zimachitika kwambiri chifukwa nsonga imakhala ikulowa m'ziyangoyango. Zinandichitikirapo pa keshya, nsonga inakhudza kanthambi kamene kanabisala m'masamba, chimene chinandipulumutsa ndi buleki ya tcheni, chija chapulasitiki chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere. Nde pogula yesani buleki imeneyo, muikankhire kutsogolo imveke kuti kha ndipo tcheni isayende. Ena amaichotsa akati ikusokoneza, musalole. Chala chachikulu chamanzere chizizungulira chogwirira nthawi zonse, osachigoneka pamwamba.

Kasadzidwe kake nako kamathandiza msana. Yambirani kutsinde kupita kunsonga, makina muziwatsamiritsa pa thunthu m'malo mowanyamula m'malere, ndipo pamene zingatheke thunthu likhale pakati pa miyendo yanu ndi bar. Pamalo otsetsereka imani chakumtunda chifukwa mtengo umagubuduka ukachotsa nthambi zimene zimauchirikiza, nchifukwa chake zapansizo mumalizire. Nthambi yopindika imene yapanikizika ndi mtengo ili ngati msampha wa khwekhwe, mukaidula mwachisawawa imakukwapulani kapena kupana bar, iyambeni pang'ono kumbali yopanikizikayo kenako mumalizire mbali inayo. Osadula chilichonse chopitirira mapewa anu, osayenda tcheni ikuzungulira, ndipo ana akhale kutali olo akufunitsitsa kutola nthambi, adzatole mukazimitsa.

Za batire. Kunena zoona pa nthambi zokha ndi zabwino kwambiri, sizisokosa, palibe kusakaniza mafuta, palibe kukoka chingwe, ukasiya batani yazima nde poyenda kuchoka pa nthambi iyi kupita pa iyo ulibe mantha. Makita ili ndi zogwiritsa mabatire awiri a 18V ndipo ngati muli kale ndi madrilo a Makita ndiye kuti mabatire muli nawo. Vuto ndi loti mabatirewo ndi odula, pa bulugamu wouma amatha msanga, ndipo magetsi akathima tsiku lonse ntchito yaima pokhapokha muli ndi sola yamphamvu. Poti mwati munda uli kuseri kwa nyumba, ngati magetsi kwanuko ndi odalirika iganizireni ndithu. Koma tija ta masentimita 10 kapena 15 tikutsatsidwa pa Facebook, togwira ngati mfuti, ndi todulira maluwa ndi nthambi za mapeyala, nkhuni sitingathe.

Mukatenga ya petulo, samalani kasakanizidwe. Stihl, Husqvarna ndi Echo zimafuna 50:1, kutanthauza 100ml ya oyilo wa 2-stroke wabwino mu malita 5 a petulo, kapena 20ml pa lita imodzi. Zotchipa zambiri zimalemba 25:1. Muyeze ndi sirinji, osati ndi maso. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol, nde akakhalitsa m'makina amakoka chinyezi ndi kuumitsa timalabala ta mu kabureta, chimene chimachitika nchakuti mwaisunga miyezi itatu ya dzinja kenako mu Meyi ikukana kulira. Sakanizani wokwana mwezi umodzi, ndipo mukamaisunga khuthulani thanki, muilize mpaka izime yokha. Wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu muupewe ngati mungathe. Ku tcheni ikani oyilo wa tcheni, osati wakuda uja wotsitsa m'galimoto, amadya pampu ndi bar. Kuti muone ngati oyilo akutuluka, lozetsani nsonga pa chitsa osakhudza nkuponda moto pang'ono, pazioneka kamzere ka oyilo.

Ndipo chimene chimapangitsa kamakina kakang'ono kugwira ntchito ngati kakakulu ndi tupa. Anthu amati 30cc ilibe mphamvu pomwe vuto ndi tcheni yobuntha. Tcheni za makina aang'onowa nthawi zambiri ndi za mtundu wotchedwa 3/8 low profile, zimanoledwa ndi tupa wobulungira wa 4mm, mopendeka madigiri 30, dzino lililonse kukwecha kawiri kapena katatu nthawi iliyonse mukuthira petulo. Yakuthwa imalowa yokha ndipo imataya tizibenthu, yobuntha imatulutsa utuchi wosalala ngati ufa ndipo mumayamba kukanikiza, apo nde msana uja wabwereranso. Chenjerani ndi mitengo imene yakhalitsa pansi, chiswe chimamata dothi pa khungwa ndipo dothi limenelo limapha tcheni pa kudula kumodzi, yambani mwapala ndi chikwanje. Chikwanjecho musachitaye, tinthambi tochepera chala chachikulu n'tachangu ndi icho.

Pa bajeti yanu siyani ndalama ya tcheni yachiwiri, matupa awiri, magalasi a m'maso, zotseka m'makutu, magolovesi ndi jombo zolimba kumapazi, mu patapata ayi chonde. Thalauza lapadera loletsa tcheni kucheka mwendo mukalipeza olo pa kaunjika tengani, miyendo ndi imene imavulala kawirikawiri pa ntchito yosadza. Ndipo poti mitengo yanu ndi yodzala nokha palibe nkhani, koma tsiku lina wina akadzakupemphani kuti mukamudulire msuku, muwanga kapena mbawa, yambani mwafunsa kwa amfumu ndi ku ofesi ya zankhalango, mitengo yachilengedwe ili ndi malamulo ake. Tatiuzani kukula kwa mitengoyo patsinde komanso ngati mumadula yaiwisi kapena youma, ndikuuzani ngati bar ya 30 ikukwanirani kapena mutenge ya 35.