Zikho zasiliva zikada, musazikweche

Aphunzitsi, mwafunsa ngati zikho zakale zamasewera zomwe zada m'kabati ya pasukulu panu mungazitsuke ndi Vim. Ayi ndithu. Vim, phulusa ndi sitiliwulu zimadya siliva, ndipo maina a opambana ozokotedwa pachikhopo akafufutika sabwereranso.

Yambani mwayang'ana tizidindo ta m'mbali kapena kunsi kwa chikho. Chidindo cha mkango woyenda chimatanthauza siliva weniweni wa ku England, magawo 925 pa 1,000. Cha nangula chimasonyeza kuti silivayo anayesedwa ku Birmingham, cha mutu wa kambuku ku London. Mukaona EPNS, siliva anangokutira pamwamba, moti mukapukuta kwambiri chitsulo cham'kati chimatulukira.

Masulani tsinde lathabwa, lisanyowe. Tsukani chikho m'madzi ofunda okhala ndi madontho awiri a sopo wambale, muumitse pomwepo ndi kansalu kathonje, kenaka polishi wasiliva pang'ono. Kamodzi pachaka nkokwanira. Kuda kwa m'mizere ya malemba kusiyeni, ndi komwe kumathandiza kuti maina awerengeke.

Chodetsa siliva ndi salfa. Chotsani mphira, nsalu zaubweya ndi nyuzipepala m'kabatimo chifukwa zimakhala ndi salfayo, ndipo ogwira zikho azivala magolovesi athonje, poti thukuta limasiya madontho a zala.