Chifukwa chake apolisi sakambirana okha za malipiro

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji apolisi a ku Zambia sakhala pansi ndi boma kukambirana malipiro ngati aphunzitsi ndi manesi. Nkhani ndi lamulo, Industrial and Labour Relations Act siikhudza apolisi, asilikali ndi a ndende, ndiye yuniyoni alibe ndipo sitalaka sangachite olo zinthu zithine bwanji. Malipiro awo imakonza ndi Emoluments Commission, ija inabwera ndi konsitityushoni ya 2016. Ine zimandiwawa ndithu, konsitebo wayima padzuwa tsiku lonse pa Kabwe roundabout ku Lusaka kuwongolera maminibasi, renti ku Matero yakwera, unga wakwera, koma amangodikira zimene akuluakulu agamula. Akanawapatsako owayimira awoawo, ndi munthu wapakati wosakondera woweruza akasemphana ndi boma.